Msewu Wodumphadumpha wa a Mabuleki

Tepi yoyezera zovala inali isanalowepo m'mimba mwa kompyuta, koma tsiku limenelo inalowa. Telala, mayi wosoka zovala, anagwada pansi, natsegula chibokosi chachitsulocho, n'kuyeza m'litali ndi m'lifupi, pini ili kukamwa mwachizolowezi. Mwini sitolo ya makompyuta anali atamuuza pa foni kuti asabwere asanayeze, chifukwa makhadi ena a zithunzi ndi aatali moti salowa m'bokosi lililonse.

Zonsezi zinali za amuna ake, a Mabuleki. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa pa zaka zonse zimene anayendetsa thiraki, ngakhale galimoto yofuka utsi inkawapitirira. Sanagundepo ngakhale nkhuku. Kenako m'mawa wina sitiroko inawagwetsa m'bafa. Anachira pang'onopang'ono, mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, dzanja lamanzere lokha ndi limene linkatsalirabe. Dokotala anawaletsa kuyendetsa mpaka adzawaonenso, ndipo anawachenjeza kuti akadzangoona zinthu zikudumphadumpha m'maso, asadikire tsiku lawo, athamangire kuchipatala, pakuti matendawa amatha kubweranso.

Mwana wawo wamkazi, pochoka kupita kukagwira ntchito kutali, anawasiyira kompyuta yake yakale, kachiwongolero komangirira pa tebulo, ndi gemu yoyendetsa mathiraki. Poyamba ananyoza kuti ndi zidole za ana. Posakhalitsa anayamba kudzuka m'mamawa, kusamba, kuvala malaya a kolala n'kukhala pa kachiwongolero kaja ngati munthu wofika pa ntchito. Chovuta chinali chakuti sikirini inali yaying'ono ngati thireyi ya tiyi, ndipo msewu wa m'gemumo unkayenda modukizadukiza, mitengo ya m'mbali n'kumadumpha.

"Makina akalamba awa," ankatero a Mabuleki. "Akutsokomola."

Telala analibe nazo ntchito za magemu, koma ankaona kuti amuna ake akakhala pamenepo nkhope imabwerera mwakale. N'chifukwa chake anapita kusitolo kuja, tepi ili m'khosi.

Mwini sitoloyo anali mayi wolankhula mothamanga, magalasi atawakweza pamphumi. Anayala makhadi atatu pa kauntala n'kufotokoza kuti khadi la zithunzi ndi limene limajambula zonse zooneka m'gemu, ndipo kompyuta yopanda khadi lakelake imangodzikoka. Telala anakopeka ndi lalikulu, la mafani atatu oziziritsa ndi timagetsi tamitundumitundu. Analiyeza, n'kupeza kuti latalika kuposa bokosi lija ndi zala zingapo.

"Chovala chikatalika timapinda," anatero. "Ili?"

"Ili silipindika, mayi anga. Komanso limadya magetsi kuposa amene bokosi lanu lingapereke. Tengani ili la mafani awiri, likwana."

Anasamukira ku masikirini. Mwini sitolo anafunsa ngati bambowo amasewera magemu owomberana, pakuti amenewo amafuna sikirini yosintha zithunzi mwaliwiro kwambiri.

"Ayi, amangoyendetsa thiraki. Pang'onopang'ono."

"M'gemu momwe?"

"M'gemu momwe. Amaima pa maloboti."

Mwini sitolo anaseka mpaka magalasi anatsikira pamphuno. Anamuonetsa sikirini ina yotakata, yokhota pang'ono m'mbali. Telala ataima patsogolo pake anakumbukira galasi la kutsogolo kwa thiraki, limene ankaliona amuna ake akamatsanzika pa geti, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: kodi magalasi oonera m'mbuyo aoneka onse awiri? Atamva kuti inde, sanayang'anenso ina. Mwini sitolo anadzipereka kuti amuikire khadilo akabweretsa bokosi, koma Telala anakana. Ankafuna kuti dzanja lamanzere lija lipeze chochita.

A Mabuleki anagwira ntchitoyo mmene ankagwirira injini. Lamulo lawo la moyo wonse linali lakuti chilichonse chimene wachotsa chibwerere pamene wachichotsa, ndipo lamulo limeneli linali lisanawagwiritsepo mwala. Anabwereka choko cha Telala cholembera nsalu, n'kuika chizindikiro pa bowo lililonse asanazule chingwe chake. Analowetsa khadi latsopano mosamala, nalimanga, natseka bokosi, kenako chingwe chilichonse chinabwerera pa choko chake. Chingwe cha sikirini yatsopano anachilumikiza pamene panali cha sikirini yakale.

Atayatsa, thiraki yofiira inaonekera itaima pa depoti, yokongola, magalasi onse awiri ali poyera. Telala anawomba m'manja. Nthawi yomweyo kasitomala wa diresi la ukwati anagogoda, ndipo iye anathamangira kuchipinda chosokera. Atabwerako anapeza kompyuta yazimitsidwa, amuna ake atakhala pakhonde.

"Zili bwanji?"

"Zili bwino. Mwachita bwino."

M'mawa mwake sanayatse. Tsiku linalo sanayatsenso. Anasiya kuvala malaya a kolala, ankangokhala pakhonde kuyang'ana khoma la aneba ngati pali cholembedwa. Telala anapsa mtima, ndipo sanabise. Ankasoka mokwiya, makina akulira ngati akumuyankhira, akudziuza kuti amuna ndi choncho, umawasenzera katundu tauni yonse, iwo n'kukuyamikira ndi mawu awiri ouma. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha, chifukwa kukhala chete kotere anakuonapo m'masabata oyamba atatuluka m'chipatala.

Masana ena, akufuna ulusi m'kabati ya kuchipinda, anapeza chikwama chaching'ono chabuluu chitapakiridwa. Munali thaulo, mswachi, masilipasi ndi zovala zogonera, zonse zopindidwa bwinobwino. Chinali chikwama chomwe chija cha kuchipatala. Anachitenga n'kukachiika pa miyendo ya amuna ake pakhonde.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

A Mabuleki anachisisita chikwamacho.

"Ndimati ndikuuzeni mukamaliza diresi la anthu lija. Zabweranso, amayi."

"Chabweranso n'chiyani?"

"Msewu ukudumpha. Pa makina akale aja ndinkadziuza kuti ndi makina. Tsopano khadi ndi latsopano, sikirini ndi yatsopano, koma ukudumpha kuposa kale. Ndiye chatsala n'chiyani? Ndi mutu wangawu."

Telala anamva chisoni chachikulu, podziwa kuti bamboyu wakhala masiku onsewa akudikira kugwanso, yekhayekha, iye ali kalikiliki kumunyoza mumtima.

"Mukayang'ana ine, ndikudumpha?"

"Ayi."

"Khoma ilo?"

"Ayi. Koma inu ndi khoma simuthamanga. Msewu ndi umene umathamanga."

Telala analowa m'nyumba, nayatsa kompyuta, nakhala pa mpando wa amuna ake. Anali asanagwirepo chiwongolero chamtundu uliwonse. Anaponda chopondera china, thiraki inabwerera m'mbuyo n'kugunda mpanda wa depoti.

"Giya, amayi, giya," anatero a Mabuleki ali pakhomo, pakuti ngakhale munthu wokonzekera kuchipatala sangapirire kuona thiraki ikuzunzidwa.

Itatulukira pamsewu, Telala anaona mitengo ikudumpha. Galimoto yobwera kutsogolo inkaima, n'kusowa, n'kuonekeranso pafupi. Anayang'anitsitsa kuti asadzinamize, kenako anatembenuka.

"Ngati ndi mutu, ndiye kuti tadwala tonse. Inenso ndikuona zikudumpha."

"Mukunena zoona? Musandisangalatse."

"Ndinayamba ndakusangalatsanipo ine? Zikudumpha ngati ziwala. Ndayamba kale kumva nseru."

A Mabuleki anatsamira chitseko. Telala anali atagwada kale kuseri kwa bokosi, mkwiyo wake wonse utasamukira kwa khadi. Anaona zingwe zonse zili pa zizindikiro zake za choko, zaudongo ngati mabatani a malaya. Pansi pake, pamene panatulukira khadi latsopano, panali mabowo ena, onse akadali otsekedwa ndi tizitsekerero takuda ta pulasitiki. Zinamudabwitsa kuti chinthu chimene anachisankha ndi mtima wonse sichinalumikizidwe ndi kanthu kalikonse kunjaku. Anaimbira mwini sitolo n'kumufotokozera.

"Chingwe cha sikirini chili pamwamba, pa bowo lakale?" anafunsa mwini sitolo. "Ndiye khadi lanu lakhala likungopuma m'menemo, mayi anga. Kompyuta ikujambulabe ndi mphamvu yake yakale ija, ndipo mwaisenzetsa sikirini yaikulu, n'chifukwa chake zaipiraipira. Zimitsani, chotsani kachitsekerero kamodzi, chingwecho chipite pa khadi. Pepani, ndikanakuuzani tsiku lomwe lija."

Telala anafuna kuchita yekha, koma anadziletsa. Anawapatsa malo amuna ake. Iwo anagwada movutikira, nayang'ana chizindikiro cha choko chija ngati mnzawo amene wawapusitsa, kenako anazimitsa kompyuta, nachotsa kachitsekerero kamodzi, ndipo ndi dzanja lamanzere anazula chingwecho n'kuchitsitsira pa bowo latsopano.

Atayatsanso, sikirini inachita mdima kanthawi, kompyuta ikuzolowerana ndi khadi, kenako inawala. A Mabuleki anakhala pa mpando, nayang'ana galasi la kumanja, nayang'ana la kumanzere, nayatsa indiketa ngakhale kumbuyo kunalibe munthu. Thiraki inalowa mumsewu. Mitengo inkadutsa mosalala, mizere yoyera ikulowa pansi pa thiraki umodziumodzi, popanda wodumpha. Anayenda mtunda ndithu. Kenako anapatukira m'mbali mwa msewu, naimitsa thirakiyo bwinobwino, n'kuweramira pa kachiwongolero kaja. Mapewa awo ankagwedezeka. Telala anaika dzanja pamsana pawo, nayenso misozi ikutsika, mtima wake utakhala pansi koyamba m'masiku ambiri.

"Kwa dokotala mupitabe pa tsiku lanu," anatero atapukuta m'maso. "Ndipo mukadzabisanso zotere, sitiroko siidzafunika, ndidzakugwetsani ndine."

"Ndamva, amayi."

Telala anatola kachitsekerero kakuda kaja n'kukaponya m'chitini cha mabatani. Anapita pakhonde, natenga chikwama chabuluu, nabwezera thaulo ndi mswachi kubafa, masilipasi pansi pa bedi. Pobwerera anapeza a Mabuleki atakokera mpando wina pafupi ndi wawo, kumbali ya wokwera. Pa zaka zonse za ukwati wawo Telala anali asanakwerepo thiraki ya amuna ake, ankangoiona ikutuluka pa geti. Diresi la anthu linkamudikira kuchipinda chosokera, koma anakhala pansi.

A Mabuleki anayatsanso indiketa n'kubwerera mumsewu. Posakhalitsa kagalimoto kena kanawapitirira, kenako basi, kenako thiraki inzake yodzaza ndi mitengo.

"Abambo, kodi sitingafulumireko pang'ono?"

"Ayi," anatero a Mabuleki, maso ali pamsewu. "Ndanyamula mkazi wanga."