Kabokosi ka Clotilda

Makompyuta awiri akale atafika ku mishoni mu 1997, Clotilda, mphunzitsi wosaona, anauzidwa kuti imodzi ikhala yake. Iye anali atanena kale imene ankafuna: yaing'ono ija, yobwera ndi kabokosi kowerenga mokweza zonse zolembedwa pagalasi.

Koma komiti ya parishi inakhala pansi iye palibe. Ati kumuyendetsa mtunda wonsewo kuchokera kwawo ku Bundabunda kukanakhala kumuzunza.

Loweruka Clotilda atafika ku mishoniko, mkulu wa komitiyo, a Matthias, anamugwira dzanja n'kuliyendetsa monyadira pamwamba pa makinawo.

"Ba Clotilda, takusankhilani ikulu. Galasi yake monga TV ya ba Fada!"

Clotilda anapapasa kumbuyo, kulondola zingwe chimodzichimodzi. Kabokosi panalibe. Anadina mabatani, koma makinawo anangoti zii.

"Nanga kabokosi kokamba kali kuti?"

"Kaja ka sipika? Tinapasa ba kwaya pamodzi na ija ing'ono. Koma ni kakufa, sikaimba olo pang'ono. Imwe tinaona kuti muyenela vabwino."

Mtima wa Clotilda unawira. Zaka zonsezi ankalakalaka tsiku lodzalemba yekha mayeso a ana, osabwereka maso a munthu. Ndiye anthu awa, ndi chifundo chawo chonsecho, analephera kumufunsa ngakhale kafunso kamodzi!

"Ni yokongola maningi," anawonjezera a Matthias, akudikira zikomo.

Clotilda anatola ndodo yake n'kuimirira.

"Nkhalani nayo, ba Matthias. Munasankhila maso yanu."