Kadisiki Kamene Kanasowa Tsiku la Maliro

"Yakana," anatero Mércia, maso ali pa kompyuta ya malemu bambo ake. "Ikuti kadisiki kamodzi kasowa."

Amayi ake, a Yudita, anali pamphasa, duku lakuda lili kumutu. Panali patapita masiku anayi chiikire amuna awo, a Hezekiya, m'manda ku Chiwanga. Pakhomo panaima a Belarmino, mng'ono wa malemuyo.

"Ndinanena ine, zinapita ndi mwini wake," anatero a Belarmino. "Alamu, gombe lija tingomupatsa mwini nyumba ya alendo uja. Umboni woti ndi lanu uli kuti?"

Umboniwo unali m'kompyutamo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri a Hezekiya ankapalasa njinga mpaka ku Lunho, kujambula mawu a okalamba amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, aliyense akutchula malire a malo a makolo. Mawuwo ankasungidwa m'madisiki anayi aakulu ogwira ntchito limodzi. Kachisanu, kakang'ono, kanachotsedwa anthu ali kumanda. Wochotsayo anamasula bwinobwino, mosathamanga.

Mércia anawayang'ana bambo ake aang'onowo osaphethira.

"Amene anakazula ankayesa wazula mtima. Ntchito ya kadisikiko n'kungolandira zatsopano, kenako n'kuzipereka ku madisiki aakuluwa. Nkhokwe ikadalipo."

A Belarmino anati, "Usaononge zinthu, mwanawe. Tidikire akatswiri a ku Lichinga."

"Ku Lichingako ndi kumene ndinaphunzira, bambo."

Analemba lamulo loti kompyuta itsegule madisikiwo osadikira kosowako. Inamuchenjeza kuti zimene zinalembedwa m'masekondi omaliza isanazimitsidwe zikhoza kutayika. Chala chake chinaima m'mwamba. Nanga ngati bambo ake ankalemba kanthu nthawi imeneyo? Kenako anavomera.

Madisiki anang'ung'udza kwa kanthawi. Kenako mayina anayamba kutsika, mudzi ndi mudzi, banja ndi banja. Pansi penipeni panalembedwa kuti "Kwathu". Mércia anatsegula.

Kunamveka chifuwa, kenako mawu a Hezekiya, otopa koma omveka bwino.

"Kuyambira pamwala waukulu mpaka pamtengo wa mango ndi pa Yudita, pamene amayanika usipa. Kuchokera pamangopo kukafika kukamtsinje ndi pa mng'ono wanga Belarmino. Iyeyu anandibereka kumsana pothawa nkhondo, mwendo wanga utathyoka. Wina asadzamuchotsepo, ngakhale atakulakwirani."

A Yudita anakonza duku lawo.

"Mwamva nokha, alamu. Panupo chitani nazo mmene mungafunire. Pangapo mawa ndikukayanika usipa."

A Belarmino anayang'ana kunja, kumene njinga ya mkulu wawo inali chiyedzamire pakhoma, kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Mércia," anatero motsitsa mawu, "tabwezanso pamene akunena za mwendo paja."