Kumunsi kwa Munda Sikupoperedwa

Chaka chimenecho amuna a ku Nsanama anapenga ndi mankhwala opha udzu. Khasu linasanduka chida cha anthu otsalira. Che Hamadi, munthu woti salola kupitidwa ndi anzake, anakagula botolo lawo pamsika n'kuuza Jimu wa sipuleya kuti adzapopere munda wonse wa chimanga.

Mkazi wawo Zaina nkhaniyi inamulasa mtima. Mwana wawo Maryam anali woyembekezera, ndipo kusikelo anamupeza ndi magazi ochepa. M'kati mwa zikope munali mbee, akangoyenda pang'ono ankapuma mwawefuwefu. Namwino anamupatsa mapiritsi, n'kuwonjeza mawu amene Zaina anawasunga bwino. Mwanayo azidya bonongwe, luni ndi chisoso, chifukwa muli ayironi wopanga magazi. Pophika asathire soda kapena chidulo, zimapha mavitamini. Azimwera madzi a malambe, chifukwa vitamini C wa m'menemo amathandiza thupi kukoka ayironiyo.

Tsono masamba amenewa sadzalidwa, amamera okha m'mizere. Mkazi aliyense wa kuno akamapalira, khasu lake limadziwa kulambalala bonongwe n'kudula udzu wokha. Sipuleya ndiye ilibe maso.

Zaina anayesa kulankhula kunyumba, koma mawu ake anangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Tsiku lopopera anafika kumunda Jimu atamaliza kale kumtunda, akutsetserekera kumunsi kwachinyontho kumene bonongwe anali atachita kuyanga. Mayiyo sanakuwe. Anangopita kukaima pamzere, patsogolo penipeni pa Jimu, manja m'chiuno.

"Amayi, tapatukani, mankhwalawa ndi oopsa," anatero Jimu.

"Ndikudziwa. Yambani kupopera ine, kenako mupopere ndiwo za mwana wanga."

Che Hamadi anabwera akupukusa mutu, manyazi atawagwira poona anthu a m'minda yoyandikana ataimika ntchito. "Amayi a Maryam, mukundichititsa manyazi chifukwa cha udzu?"

"Udzu kwa inu. Mwana wanu akudikira magazi kuchokera mmenemu."

"Si anamupatsa mapiritsi kuchipatala?"

"Anamupatsa, ndipo akumwa. Anatinso adye masamba. Inu munamva theka, ine ndinamva zonse." Zaina anali atakwiya, ndipo phazi silinasunthe. "Ndiponso musaiwale, bambo, munda uno ndi wa amayi anga. Inu munaupeza."

Pamenepo mpovuta. Mkamwini, ngakhale atamera imvi pamudzi, mawu amenewo akatuluka amameza malovu. Jimu anatsitsa sipuleya n'kuyamba kuyang'ana mitambo ngati nkhaniyo sakuimva.

"Chabwino," anatero Che Hamadi. "Walira mvula walira matope. Kumunsiko mupalira nokha, ine khasu sindigwira."

"Iyayi, musavutike. Sindinakupempheni."

Zaina anapaliradi yekha. Anasiya mizere ingapo pakati kuopa mankhwala ouluka ndi mphepo, kwinako n'kumalowa ndi khasu m'mawa uliwonse. Manja anatuluka matuza, msana unawawa, azimayi anzake ankamuseka kuti wakana chitukuko. Iye ankabwerera ndi lichero lodzaza, kuphika mwachangu masamba asanafe, kutendera nsinjiro, otsala n'kufutsa kuti adzathandize m'chilimwe. Kumtunda kwa Che Hamadi kunayera ngati bwalo la mpira, chimanga chokhachokha, popanda ngakhale tsamba limodzi loti munthu n'kuthyola.

Mu Febuluwale ndiwo zinasowa pamudzi, usipa pamsika ukudula. Masana ena Maryam anabwera kuchokera kusikelo akuyenda yekha, osapumira panjira. Zaina anamukhazika pamkeka, n'kumukoka chikope ndi chala. M'katimo munali mutayamba kufiira. Anasangalala mpaka misozi inalengeza, koma anaipukuta msanga, n'kukapakula bonongwe wotendera.

Fungo linafika pakhonde pomwe Che Hamadi anakhala atasamba kale m'manja. Anadikira, kenako anatsokomola.

"Amayi a Maryam, nanga ndiwo zanga?"

Zaina anakankhira mbale yonse kwa mwana wake osacheuka n'komwe.

"Uwu ndi udzu, bambo. Zanu kathyoleni kumtunda."