Matayala Ophwa

"Kodi anati njira iyi ndi yachidule ndani?" anafunsa Narelle.

A Clive, amalume ake, anawerama n'kuyang'ana matayala. Galimoto yawo inali itatitimira kachitatu pachitunda cha mchenga wofiira. Madzi anali atatsala chigubu chimodzi, ndipo tauni inali ulendo wa masiku awiri. Ulendowu ukatha, Narelle ankayembekezeka kukayamba ntchito mumzinda wa Adelaide.

"Pakufunika kungoponda moto kwambiri," anatero a Clive.

"Mwaponda katatu, malume. Chitsime mwakumba, koma madzi sitikuwaona."

Narelle anagwada n'kuyamba kuphwetsa matayala limodzilimodzi, mpaka anaphwatalala pamchenga ngati mapazi a ngamila.

"Iwe mwana, pampu yathu ndi yamanja!"

"Manja muli nawo."

Narelle anakhala pachiwongolero, anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako ananyamuka mosapupuluma. Galimoto inabuula, inagwedezeka, koma inakwera mpaka pamwamba. Kutsogolo kunali chigwa cha dothi lolimba, msewu ukuoneka bwinobwino. A Clive anafika wapansi ali wefuwefu, akuvina, chipewa chili m'manja.

Narelle anamwako madzi n'kuwapatsira chikho.

"Ntchito ya ku Adelaide ija sindikaiyamba, moyo wa kutchire kuno ndi umene ukundiyenera," anatero Narelle.