Mpendero wa Diresi Labuluu

Bambo anga, a Saulosi, ankadziwa msinkhu wa fodya wawo mzere ndi mzere, koma msinkhu wa mwana wawo ayi. Ndikuwanena chonchi chifukwa ndimawakonda, komanso chifukwa tsiku lija anatsala pang'ono kundigonetsa kupolisi.

Munali mu 1982. Nditakhoza mayeso a Sitandade 8, anandiuza kuti tikaone Lilongwe, awiriwiri. Amayi anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndiye panalibe wondiyang'ana ndikamavala. Ndinatenga diresi labuluu la maluwa oyera limene iwo anandisokera pamanja asanadwale. Chitenje ndinachisiya dala pamphasa kwathu ku Kachebere. Ndinkati m'tauni ndikalowe ngati ndikupita kudimba? Ubwana ndi matenda ndithu.

Basi inadzaza pa Kamwendo mpaka ena kuimirira ndi mwendo umodzi. Podzatsika, anyamata a malaya ofiira anafunsa makhadi a chipani. Bambo anatulutsa athu awiri m'chipewa, tinadutsa, ndipo tinkayesa kuti mavuto a tsikulo athera pomwepo.

Anthu ake! Sindinkadziwa kuti Mulungu analenga ochuluka chotere. Bambo anandigwira dzanja mpaka kuuma, akuti ndingasochere, pamene wosochera anali iwowo. Tinamwa Fanta mmodzi mosinthana, tinadya masikono titakhala pakhonde la sitolo. Galimoto ikaliza hutala iwo ankavula chipewa n'kupepesa, ine n'kumafa ndi phwete, mpaka iwonso n'kuyamba kuseka. Kuyambira pa maliro a amayi ndinali ndisanawaonepo akuseka mano onse pamtunda.

Masana tinalowa m'chikhamu cholowera kumsika, komwe kunalinso njira yobwerera kudepoti. Apo mayi wina wogulitsa nthochi anakoka bambo shati.

"Bambo, mwanayu ndi wanu? Maondo ali pamtundatu. Lero pageti akugwira."

Ndinayang'ana pansi. Zoonadi, maondo anga onse awiri anali mbee, opaka mafuta bwinobwino. Masiku amenewo lamulo linkaletsa mkazi kuvala diresi losafika pansi pa maondo, ndipo ine ndinali nditasiya kuoneka kamwana. Kutsogolo ndinaona atsikana atatu atawakhazika padothi pambali pa geti, mmodzi akulira, anthu akuwaunjirira. Ndinaganiza za malo anga kusekondale, ndi zimene akananena kumudzi, zoti mwana wa a Saulosi anagwidwa m'tauni atavala zosayenera.

Kubwerera kunali kosatheka, chikhamu chinkatikankha. Ogulitsa zitenje anali mkati, kuseri kwa geti lomwelo.

"Zelifa, unakula liti iwe?" anatero bambo.

"Ababa, funso limenelo mukandifunse kunyumba."

Mayi uja anatilowetsa kuseri kwa matumba a makala. Bambo anavula jekete n'kundimanga m'chiuno, koma linaphimba kumbuyo kokha. Anayesa kukokera diresi pansi ngati lingamve chisoni. Thukuta linkatsika m'ndevu zawo. Kenaka chala chawo chinaima pa mpendero, m'munsi muja amayi anapinda nsalu.

"Pano pakhuthala," anatero.

Anatulutsa lezala lawo lowengera zikhadabo, n'kugwada pamakala pamaso pa anthu odutsa. Manja amene ankasoka fodya tsiku lonse osatopa ankalephera kugwira kaulusi kamodzi. Anadzicheka chala, anachiyamwa, anapitiriza. Ine ndinkasuzumira pamwamba pa matumba, ndipo ndinaona malaya ofiira akuyenda pang'onopang'ono kubwera mbali yathu.

"Fulumirani, ababa."

"Usagwedezeke."

Nsalu inatambasuka, inatsika zala zitatu. Inangokhudza pamwamba pa bondo. Ndinafuna kulira, ndipo mumtima ndinawakwiyira amayi chifukwa chofa, n'kundisiyira munthu wosadziwa kuti atsikana amakula.

Bambo sanadzuke. Anatembenuza nsalu ija n'kuyang'anitsitsa. Mkati munali mzere wina wa ulusi woyera, wosokedwa mothina, ndi nsalu ina yopindidwa pansi pake. Anadula. Diresi linatsika mpaka pansi pa maondo, labuluu woderapo, maluwa ake oyera ngati ogula dzulo.

Tinatuluka. Mnyamata wa malaya ofiira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaona maulusi akulendewera, anaona mizere iwiri ya popinda, anaonanso maondo a bambo akuda ndi makala.

"Pitani, madala," anatero, n'kuyang'ana kumbali.

M'basi bambo anakhala chete mpaka tinadutsa Namitete. Ine ndinkayesa akwiya chifukwa cha chitenje chija, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho. Koma iwo anagwira m'munsi mwa diresi, akusisita nsalu yatsopanoyo ndi chala chochekedwa chija.

"Tsiku limene amayi ako ankasoka diresili ndinawakalipira," anatero. "Ndinati akuwononga nsalu, kamwana kakang'ono chonchi. Iwo anangoseka, akuti, 'Inu simudzaona akamakula.'"

Anatembenukira pawindo, chipewa chitatsitsidwa kumaso, mpaka tinafika pa Kamwendo.