Chimgolo ndi Dzanja Lamanja

Gemu ija anabwera nayo ndi mwana wathu wachisamba, amene amakonza mafoni m'tauni. Anailumikiza ku TV ya pabalaza n'kuika kontirola pamiyendo pa bambo ake. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno.

"Munthu wadwala sitiroko, iwe ukumubweretsera zidole?"

"Amayi, kampira kaja akukakana. Tiyeseko izi."

Kampirako ankakakanadi. Chitulukireni m'chipatala, dzanja lamanja la amuna anga linkangokhala pamwendo ngati la wina. Adokotala a mafizo anatiuza mosapsatira mawu kuti zala zikapanda kugwira ntchito miyezi yoyambirirayi, zidzauma mpaka kalekale. Anatipatsa kampira koti azifinya. Bambo anakafinya tsiku loyamba, mawa lake anakaponyera galu. Munthu woti moyo wake wonse wakhala akuwotcherera mageti ndi mawindo, akuti sangakhale pampando n'kumafinya mpira ngati khanda.

Gemuyo ndi ya maloboti omenyana. Awiri amalowa m'bwalo la zitsulo n'kuswana mpaka ina itagwa. Dzanja lamanzere limayendetsa loboti ndi kandodo, lamanja limadina mabatani a chibakera, theche ndi kugwira. Nzeru ya mwana wathu inali pamenepo, kuti bambo akafuna kupambana, chala chachikulu chakumanja chidzadzuka chokha.

Ndisanamizire, gemuyo ili ndi zabwino zake. Chitsulo chikamenyedwa chimalira ngati chitsulo chenicheni, ndipo pobonyoka pamakhalabe pobonyoka mpaka ndewu itatha. Ikatha, loboti imalowa m'galaja, iwe n'kuisankhira mkono watsopano kapena kuimata pachifuwa. Galajayo ndi imene inawakola bambo. Munthu amene anali atasiya kulankhula nafe anayamba kukangana ndi TV.

"Bondo ilo silingapirire. Amene anajambula zimenezi sanagwirepo chitsulo."

Kenako, loboti ina itathyoka mwendo pamalo omwewo amene ananena, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali nditaiwala kuti amaseka choncho.

Zoipa zake nazo zilipo, ndipo ndingazitchule mpaka dzuwa kulowa. Nyimbo yake ili ngati mapoto akugwa pashelefu. Zilembo zake n'zazing'ono moti ngakhale ndi magalasi sizioneka. Ikamayaka imachedwa, umatha kutereka madzi a tiyi n'kubwera isanayambe. Koma choipa chenicheni ndinachitulukira tsiku lina masana, nditachoka ku saluni kwanga kudzaona ngati amwa mankhwala.

Ndinawapeza akupambana, nkhope ili waliwali. Kontirola anaipana pakati pa mawondo, dzanja lamanzere lili pakandodo. Lamanja lija linali phee pansi pa khushoni.

Pali loboti ina yonenepa, yopanda khosi, imene iwo anaitcha Chimgolo. Ukakankha kandodo kutsogolo kawiri, Chimgolo imathamanga n'kugunda inzake ndi mimba. Palibe batani lililonse lofunika. Maloboti oyendetsedwa ndi gemuyo amangoima kukamwa yasa, kudikira kugundidwa. Bambo anamaliza mabwalo onse ndi mimba ya Chimgolo.

"Bambo, ndiye mukunamiza ndani? Ine kapena dzanjalo?"

"Ndikupambanatu, mayi. Malamulo ake sindinalembe ndine."

Ndinapsa mtima moti ndinabwerera ku saluni osadya. Mwana wathu nditamuimbira foni anati vutolo onse osewera amalidziwa, eni gemu sanalikonzebe.

"Munthu yekha ndi amene angaidumphe lobotiyo ikamathamanga, amayi. Kompyuta siidumpha."

"Ndiye ubwere undiphunzitse."

Anaseka, koma ine sindinkaseka. Lamlungu masana, bambo akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba, mwanayo anandiphunzitsa. Zala zanga zaluka tsitsi la anthu kuyambira ndili mtsikana, mabatani anayi sakanandiopsa. Ndinasankha kaloboti kowonda, ka miyendo itali, n'kukatcha Kaudzudzu.

Tsiku lotsatira ndinakhala pambali pawo ndi kontirola yachiwiri. Anandiyang'ana chamchipumi.

"Mukufuna kulira, mayi?"

Chimgolo inathamanga. Kaudzudzu kanadumpha, kanatera kumbuyo kwake, theche. Inathamanganso, kudumpha, theche. Posakhalitsa Chimgolo inali chagada, utsi uli tolotolo. Tinabwereza, zomwezo. Tinabwerezanso, zomwezo.

"Imeneyo si ndewu. Mukungodumpha ngati chitete."

"Ndigwireni ndili m'mwamba. Batani lake ndi lofiiralo, kumanja."

Anayang'ana batanilo, n'kuyang'ana dzanja lawo. Anaika kontirola patebulo mwakachetechete ndi kupempha ndodo yawo yoyendera.

Masiku otsatira TV sinayake. Anabwerera ku chete uja wa m'chipatala, ndipo ine mantha anandigwira. Ndinkaluka tsitsi la kasitomala mtima uli kunyumba, mpaka mayi wina anadandaula kuti ndikumukoka kwambiri. Mwana wathu anati ndiwalole apambane kamodzi, mtima wawo ubwerere. Ndinakana. Ndimawadziwa amuna anga. Chinthu chowapatsa chifukwa cha chisoni amachinunkhiza patali, ndipo sangachikhudzenso. Koma kunena zoona, ndinkaopa kuti ndawalanda kanthu kokhako kamene kanawabwezera kuseka.

Loweruka ndikuweruka, ndinapeza mnzawo wa kushopu yawo yowotcherera zitsulo akutuluka pageti, manja ali bii ndi girisi. Anandipatsa moni mwachangu n'kuthawa. Pabalaza, mpando wanga wabwino unali utabooledwa pa mkono wake, ndipo pamenepo anamangapo vayisi, chopanira zitsulo chija cha kushopu. M'kamwa mwa vayisi munali kontirola, yokulungidwa kansanza kuti isakandike.

"Mpando wanga, bambo!"

"Chinthu chikamagwedera sungachigwirire ntchito, umayamba wachipana. Khalani pansi."

Ananyamula dzanja lamanja lija pogwiritsa ntchito lamanzere, n'kuliika pamwamba pa mabatani. Ndinakhala pansi n'kutenga kontirola yanga.

Ndewu yoyamba ndinawagwetsa. Chala chija chinkanjenjemera, chinkafika pa batani Kaudzudzu katatera kale. Yachiwiri chinadina lobiriwira m'malo mwa lofiira, Chimgolo n'kumenya mphepo. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, milomo ili yolumidwa monga ankachitira akamadula chitsulo chokhuthala. Mtima unkandiuza kuti ndichedweko pang'ono podumpha, iwo sadziwa. Koma sindinachedwe ngakhale pang'ono, ndinawamenya theche lomwe lija.

"Tibwereze," anatero.

Tiyi amene ndinawapangira anazizira patebulo. Ndewu ina ili mkati, Chimgolo inathamanga, ine ndinadumpha monga mwa masiku onse. Ndinamva kabatani kakulira. Manja a Chimgolo anatambasuka n'kugwira Kaudzudzu m'chiuno kali m'mwamba, kukazunguza, kukamenyetsa pansi. Mutu wake unagubuduka mpaka kumpanda wa bwalo.

Sindinayang'ane TV. Ndinkayang'ana chala chija, chikadali chopanikiza batani lofiira, chikhadabo chitayera ndi mphamvu. Misozi inangobwera yokha.

"Ndinakuuzani kuti mudzalira," anatero bambo. "Mukulirira kaudzudzu kanuko?"

"Eya. Mwakaphera chiyani?"

Anachotsa dzanja lija pakontirola lokha, popanda lamanzere kulithandiza. Linabwera pang'onopang'ono, likugwedera, mpaka linafika patsaya langa. Chala chachikulu chinapukuta msozi, ndipo chinatsala pang'ono kunditosa m'diso. Sindinasunthe mutu.