Bulangete pa Chambo

Galimoto ya matola inazima pakati pa msewu wochokera ku Lifuwu, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Dalaivala anakwawira pansi pake n'kungotsala mapazi okhaokha, ndipo anthu anatsika kukabisala mumthunzi wa kamtengo komwe sikakanakwanira ngakhale mbuzi zitatu.

Edina sanatsike. Iye ndi mnzake wa geni, Zuleka, anali ndi mabeseni awiri a chambo chothira ayisi. Wophika wa pamalo ena odyera m'tauni ya Salima anawauza kuti nsomba zikafika zabwino aziwagula sabata iliyonse, koma zikafika zofewa asadzaonekenso. Amayi awiriwa anali atatopa ndi fumbi la pamsika, moti usiku wathawo tulo sanatione ndi chimwemwe. Tsopano ayisi uja anayamba kudontha.

Edina, pa zaka zake makumi anayi, ankapita kusukulu ya masana kuti alembenso mayeso a Fomu 4, ndipo anzake pagombe ankamutcha aphunzitsi pomuseka. Sabata imeneyo anaphunzira za kutentha. Aphunzitsi enieniwo ananena kuti kutentha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira, monga madzi atsikira kumunsi, ndipo sikubwerera kokha. Ananenanso kuti bulangete lilibe moto m'kati mwake, limangotseka njira ya kutenthako. Edina analemba zonsezi m'kope osazikhulupirira kwenikweni.

Atayang'ana madzi akuyenderera pansi pa beseni, mawu aja anamubwerera. Anatsegula chikwama n'kusolola bulangete latsopano lomwe ankapititsira mwana wake Stella kusukulu yogonera konko. Anakutira beseni limodzi mpaka pansi.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa Zuleka. "Nsomba zadwala malungo kuti muzifundike? Mukuziphikatu pamenepo."

Edina anafotokoza mothamanga, mawu akupondana. Anati bulangete limatifunditsa chifukwa limasunga kutentha kwa thupi lathu kuti kusatuluke, ndiye pano litsekereza kutentha kwa dzuwa kuti kusalowe. Zuleka anayankha kuti iye anabadwira panyanja, ndipo chibadwire sanaone munthu akufunda bulangete kuti azizidwe. Anthu a pamthunzi paja anafa ndi phwete. Bambo wina anafunsa ngati chambocho achipatsenso pilo.

Edina anapempha kuti apinde bulangetelo likwanire mabeseni onse awiri. Zuleka anakana kwamtuwagalu. Anakokera beseni linalo pambali, nalivundukula kuti lizipitidwa mphepo, n'kumalikupiza ndi katoni. Mphepo yake inali yotentha ngati ya m'uvuni wa njerwa, koma iye ankakupiza ndi mtima wonse.

Anakhala pamenepo maola awiri. Kunena zoona, Edina naye mantha anamugwira. Ankalakalaka kusuzumira pansi pa bulangete, koma ankadziwa kuti akatsegula alowetsa chomwe akuchithawa. Anangokhalira manja ake, n'kumadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galimoto italira, anafika m'tauni cha m'ma firii koloko. Wophika uja, bambo wamfupi wosaseka, anayamba ndi beseni la Zuleka. Munali madzi ofunda okhaokha. Anadina nsomba imodzi ndipo chala chinasiya dzenje. Anapukusa mutu.

Kenako Edina anavundukula lake. Ayisi anali mbuu, wochepako ndithu, koma alipo. Wophikayo anatsegula makha a nsomba n'kupeza ofiira bwinobwino.

"Mwaona? Zoona ndithu! Zimene zili m'kope zija n'zoona!" anakuwa Edina, akudumpha pakhonde la eni ake ngati mtsikana wa Sitandade 5. Nsomba anali ataziiwala. Chomwe chinamukomera n'chakuti chinthu cholembedwa pabolodi chinatsika n'kudzagwira ntchito m'beseni mwake.

Wophikayo anati atenga za m'bulangetezo, ndipo Lachisanu lililonse azilandira kwa mayi ameneyu yekha, winayo ayi. Zuleka anawerama n'kuyamba kukhuthula madzi m'beseni lake mwakachetechete. Chimwemwe cha Edina chinaphwa pomwepo, pakuti uyu ndi amene ankamusungira malo pamsika masiku onse a sukulu.

"Bambo, geniyi ndi ya anthu awiri," anatero Edina. "Mukafuna mmodzi, tonse tibwerera kumsika."

Bamboyo anayang'ananso makha ofiira aja, nadzikanda m'mutu, n'kunena kuti Lachisanu asachedwe.

Atatuluka pageti, anagwirizana zokawamba nsomba zofewazo zisanawonongeke. Zuleka anayenda kamtunda ndithu, beseni pamutu. Atafika pasiteji anatsokomola.

"Kusukulu kwanuko," anatero osamuyang'ana mnzakeyo, "amalandira ndi anthu amene analekezera Sitandade 8?"